Tsiku limene galimoto ya achimwene inayetsemula

Achimwene atagula galimoto ya tebo, kachipangizo kopopera mpweya mu injini kuti ikhale ndi mphamvu, anatitenga ine ndi amayi kuti tikaiyese mpaka ku Phalula. Titangotuluka m'tauni ya Balaka anaponda moto, ife n'kumatirira kumipando. Atachotsa phazi kuti asinthe giya, kutsogolo kunamveka kuti "tu-tu-tu-tu-tu!"

"Imani! Mwatsekera nkhunda mu injinimo!" anakuwa amayi.

Ine ndinaseka mpaka misozi. Achimwene anabwereza dala kanayi konse, ine ndikuwombera m'manja, amayi akumenya mpando kuti nkhundayo ifa.

Ku Phalula tinaima kwa amakaniko ena achikulire. Iwo sanaseke nawo. Anamvetsera kamodzi kokha n'kutsegula boneti.

"Iyayi, si mbalame. Kavavu kotulutsa mpweya kagwira. Mukachotsa phazi, mpweya ukusowa potulukira, ndiye ukubwerera kukamenya timapiko ta tebo. Mukapitiriza masewerawa, teboyo ifa."

Achimwene anangokanda m'mutu. Amakanikowo anamasula kavavuko, anakatsuka, n'kusinthanso kapaipi kake kamene kanang'ambika.

Pobwerera tonse makutu anali tcheru. Achimwene anaponda, kenako n'kusiya. Galimoto inangoti "pshiii!" ngati munthu wachimfine.

"Alhamdulillah," anatero amayi msangamsanga, mawu othokoza Mulungu amene Msilamu amanena akayetsemula. Titawayang'ana, anati, "Nanga yayetsemula, ndiye inena yokha?"

Achimwene anaimika galimoto pambali pa msewu chifukwa phwete linawalanda chiwongolero. Tinaseka atatu tonse mpaka amayi ena ogulitsa tomato anabwera kudzafunsa ngati tili bwinobwino.