Mapini M'kamwa mwa Azakhali

Azakhali anga ndi telala. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu zimene akhala pa makina, sanafunsepo munthu kuti, "Kodi ichi amasoka bwanji?" Kasitomala akabwera ndi chithunzi cha diresi, iwo amachiyang'ana kamodzi, n'kutsinzina diso limodzi, n'kutenga sizasi. Mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi sawerenga. Amati mawu ndi a anthu opanda maso.

Msana utayamba kuwavuta, dokotala anawauza mosapsatira kuti akapanda kuuwongola, chaka chisanathe makinawo awasiya. Anawalembera pakapepala malo amene mayi wina amaphunzitsa yoga, masewera owongola thupi. Azakhali anapukutira kapepalako mafuta a makina n'kukataya.

"Ine ndikagwade kwa mkazi mnzanga kuti andiphunzitse kugona pansi? Kugona pansi ndinayamba ndili khanda."

M'malo mwake anagula buku la yoga kwa bambo wogulitsa mabuku akale pakona. Bukulo linali litadutsa m'manja ambiri. Masamba ake anali onona, ena omatana ndi zinthu zimene sindinafune kuzidziwa, ndipo pa tsamba lina panaumira mphemvu yophwanyika, miyendo yonse ilipo. Azakhali anaipala ndi chikhadabo, n'kunyambita chala chomwecho kuti atsegule tsamba lotsatira. Ine ndinayang'ana kukhoma.

Ndimagwira ntchito pa shopu ya fotokope yoyandikana ndi yawo, ndipo nthawi yopuma masana ndimakakhala kwa iwo. Ndiye ndinaona zonse. Ankakankhira zidutswa za nsalu pambali ndi phazi, n'kugona pakati pa makina ndi tebulo lodulirapo, pa simenti yodzaza ulusi, fumbi la choko ndi tsitsi la makasitomala. Buku ankalitsamiritsa pa simbi.

"Chete, tenga tepi." Amanditchula choncho chifukwa sindiyankhulayankhula. "Pachithunzipa, kuchokera pachigongono kufika pabondo ndi zala ziwiri. Kwa ine akhale mainchesi sikisi. Yeza."

"Azakhali, pansipa alemba kuti oyamba kumene asa..."

"Ndakufunsa zolemba ine? Yeza!"

Ndinkayeza. Iwo ankadzipinda mpaka tepi ivomereze, milomo atatseka kuti ndi, mitsempha ya pakhosi itatuluka ngati zingwe, thukuta likudontha kuchokera pachibwano n'kupanga matope ndi choko chija. Ankauma choncho mpaka kugwa ngati thumba. Podzuka, kumsana konse kunkakhala kutamatirira ulusi wamitundumitundu, ndipo wouchotsa ndinali ine.

Tsiku lina mayi wina wovala suti anabwera kudzatenga siketi yake, n'kuwapeza mutu uli pansi, matako kumwamba.

"Pepani, mwataya singano?"

"Ndi mankhwala awa, mayi," azakhali anayankha kudzera pakati pa miyendo, mano atalumanitsa. "Khalani pampando."

Mayiyo sanakhale. Anatenga siketi yake ndi zala ziwiri, ndipo sitinamuonenso.

Patatha masabata atatu msana unafika poipa. M'mawa wina sizasi inagwa pansi, azakhali n'kulephera kuitola. Atayesa kuponda makina, anakuwa. Patebulo panali diresi laukwati, mkono umodzi wosalumikiza. Anayang'ana makinawo ngati akuyang'ana munthu wodwala. Aka kanali koyamba kuwaona ali ndi mantha.

"Kapepala ka dokotala kaja," anatero osandiyang'ana, "mwina mphepo inakaulutsira kwanuko."

Ndinali nditakatola tsiku lomwelo, ndi mafuta ake omwe.

Malo a mphunzitsiyo anali m'chipinda cham'mwamba, pamwamba pa butchala. Fungo la nyama linkakwera nafe masitepe, n'kukakumana pakhomo ndi la m'khwapa ndi la zofukiza. Pakona panaunjikidwa mikeka ya labala, yonyowa, yokhala ndi zidindo zakuda za mapazi a anthu. Bambo wina wamimba anali atakhala pa umodzi, akuwenga zikhadabo zakumapazi podikira.  Ndinakhala pafupi ndi zenera, chikwama ndili nacho pamiyendo.

Mphunzitsiyo sanafanane ndi mtsikana wa pazithunzi za m'buku lija ngakhale pang'ono. Anali mayi wamfupi, wa imvi, zidendene zong'alukang'aluka.

"Ameneyu?" azakhali anandinong'oneza mokweza moti onse anamva. "Ngakhale mpendero wa buluku lake ndi wokhota."

Mphunzitsi anangomwetulira, n'kumvetsera nkhani ya buku ndi masabata atatu aja. "Tandionetsani zimene mwakhala mukuchita, mayi."

Azakhali anasankha chithunzi chimene ankachinyadira kwambiri. Anadzipinda, nkhope itakwinyika ndi ululu, n'kuuma. Mphunzitsi anawazungulira kamodzi, kenako ananjuta pafupi ndi nkhope yawo.

"Mukupuma koma?"

Zii.

"Tatsegulani pakamwa."

"Mm-mm."

"Tsegulani, mayi, musakomoke pano."

Anatsegula. Mapini atatu anagwera pamkeka, ulusi wa malovu ukuwatsatira. Bambo wa zikhadabo anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Ine ndinalakalaka nditasanduka mphemvu ija ya m'buku, wina n'kutseka tsamba.

"Ndimaika ndikamachita chinthu chofuna nzeru," azakhali anatero, akupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Telala aliyense amatero. Mufuna ndiziyika m'mphuno?"

"Ndiye masabata atatu onsewa mwakhala mukukoka msana mpweya mutaugwira, nsagwada mutalimbitsa? Chithunzi sichipuma, mayi, n'chifukwa chake sichimva kuwawa. Komanso chimene mwasankhachi anthu amachifika patatha zaka. Bukulo silinanene?"

Azakhali anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chikwama changa.

Tsiku limenelo sanawapinditse kalikonse. Anawagoneka chafufumimba, tsaya lili pamkeka wonyowa uja, kuti azingokoka mpweya ndi kuutulutsa. Zidendene zong'aluka zija zinkadutsa pafupi ndi mphuno yawo. Kenako mphunzitsi anaika manja m'chiuno mwawo n'kufunsa ngati mpando umene amakhalira posoka uli wopendekeka.

"Mpando wanga ulibe vuto."

"Mwendo umodzi ndi waufupi," ndinatero. Onse anatembenuka, poti anali asanamve mawu anga.

Potuluka, mphunzitsi anandilozera pamkeka. "Achemwali, tolani katundu wanuyo, angalase wina." Ndinatola mapini aja ndi kapepala ka dokotala kaja. Anali adakali onyowa.

Pamasitepe azakhali anatukwana njira yonse. "Ola lathunthu kupuma basi! Ngati ndinabwera ndili wakufa! Nkhope yanga pa thukuta la mwamuna wa eni ake!" Analavula m'ngalande ya pabutchala. Koma ndinaona kuti atsika osagwira chitsulo cha m'mbali, chimene pokwera anachikakamira ndi manja awiri. Sindinawauze.

Lachinayi anapitanso, atanyamula mkeka wawo wosoka okha ndi zidutswa za nsalu, mpendero wowongoka ngati rula. Amapitabe kawiri pa sabata, ndipo ulendo uliwonse amabwerako akunyoza fungo, akunyoza bambo wa zikhadabo, akunyoza buluku la mphunzitsi, limene pamapeto pake analilanda n'kulikonza osapemphedwa. Diresi laukwati lija linatha, mochedwa ndi masiku awiri. Makina akulirabe.

Buku lija analilowetsa pansi pa mwendo waufupi wa mpando, ndipo linakwana ndendende. Kasitomala akafunsa kuti msana unachira bwanji, azakhali amaloza pansi ndi sizasi.

"Buku ilo. Ine sindiphunzitsidwa ndi munthu."

Amanena zimenezi mapini awiri ali pakona pa mlomo. Akamapita ku yoga ndimaima pakhomo, dzanja nditatambasula, nditayalapo kansalu, mpaka alavule.