Nkhoswe wa Mapapo a Alamu Anga

Chaka chimene alamu anga adayamba kuyenda ndi botolo la mpweya, ndinkakhala nawo kunja kwa dziko, ku Thamesmead. Anali amuna a achemwali anga aakulu, ndipo mapapo awo adali atatheratu. Kuchoka pa sofa kukafika kubafa ankapumula kawiri, kachiwiriko n'kuitanitsa tiyi. Ndikulumbira, sindikuwonjezera.

Achipatala adati kwatsala njira imodzi, kuwaika mapapo a munthu wina womwalira. Tsiku lokakambirana, alamu adandiuza kuti ndivale suti.

"Chinthu chodzakhala nawe moyo wonse ndi ukwati, alamu. Munthu sapita wopanda nkhoswe."

Tidakwera mabasi atatu, ine, iwo, achemwali ndi botolo lija, limene lidakhala pampando wakewake.

Dokotala anali mayi wodekha. Adafotokoza kuti mapapo salingana: zaka za mwini wake, gulu la magazi, msinkhu, ngakhale maola amene akhala kunja kwa thupi, zonse zimakhudza mmene munthu adzachirire. Alamu ankangovomera ndi mutu. Kenako adandipatsa pepala kuti ndiwerenge m'Chingerezi. Ankafuna mnyamata wamtali, wothamanga, wopemphera, wa m'banja lodziwika. Pansi adalemba kuti tikufuna tikaoneko kwawo.

Dokotala adati mapapo a munthu wamtali sangakwane m'chifuwa chawo. Alamu anali afupi, moti kondakitala wina adawadulirapo tikiti ya mwana ndevu zili pachibwano. Ndidaliko. Zokaona kwawo, dokotala adati n'zosaloledwa, ngakhale dzina sitidzalimva.

Ndiye adatulutsa fomu. Ena mwa mapapo amene amapezeka, adatero, ndi a anthu amene ankasuta. Mwina sagwira ntchito bwino ngati enawo, koma wowakana amadikira nthawi yaitali, ndipo ena amamwalira akadali pamzere. Alamu, mmene adaliri, analibe nthawi yambiri. Anafunika kusaina ngati angawalandire.

"Auzeni kuti kwathu sititenga osuta," adatero alamu, n'kukankha cholembera.

Apa achemwali adatsitsa chikwama pansi.

"Bambo a ana, inu mudasuta zaka makumi atatu. Chingambwe chokulunga m'nyuzipepala. Munkasuta mpaka tsamba la mpira anzanu asanawerenge."

"Ine ndinkasuta mwaulemu."

"Akadakhala mapapowo ndi amene akusankha, akadakuthawani."

"Mukundichititsa manyazi pamaso pa adokotala."

"Samva Chichewa. Sainani. Ine sindidzakwera ndege ndi bokosi chifukwa cha matama anu."

Pa "bokosi" pomwepo tonse tidayang'ana khoma. Alamu adatembenukira kwa ine.

"Ankhoswe, mukuti bwanji?"

Ndidakonza tayi. Ndidati pa ukwati uwu a mbiri yoipa ndi ife, tsono si bwino kuchulutsa mafunso, angayambe kutifunsa ifeyo. Alamu adaganiza nthawi yaitali, botolo likungolira. Adasaina, koma adandiuza kuti ndiwauze adokotala kuti asaina pomvera ankhoswe, osati mkazi.

Foni ya kuchipatala idalira patatha miyezi isanu, Lachiwiri masana: mapapo adali atapezeka. Za mwini mapapo sitidamve kanthu, ndipo achemwali adatiletsa kufunsa. Alamu adakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi. Akatsokomola patebulo pali anthu, ankadzisisita pachifuwa n'kunena kuti, "Pepani, si ine. Ndi alendowa."