Zala za a Sofi M'nyengo Yoingitsa Mbalame

Chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi dzanja. Linali litakwezedwa pamwamba pa ngala za mpunga, zala zake zitapindikira kumbuyo ngati nsungwi yanthete, ndipo mpheta zinkadya mwaufulu chifukwa ine ndinali nditaiwala kukoka chingwe cha zitini. Inali nyengo imene mpunga wa ku sikimu ya Domasi umakhala ndi mkaka, chigwa chonse chikununkha matope ofunda ndi fungo la mpunga wa faya, ndipo ana tinkapita kukaingitsa mbalame mame asanakamuke, titamanga chinangwa chophika pansonga ya chitenje.

Mwini dzanjalo anali mayi wa ku Kambodiya amene anabwera ndi alangizi a ulimi wa mpunga. Dzina lake linkatikanika kutchula, ndiye tinkangoti a Sofi. M'mawa uliwonse, asanayambe kuyendera ngalande, ankavula nsapato pamtumbira wolekanitsa minda, n'kuyatsa kamtengo ka lubani, n'kuphatikiza manja pamphumi. Kenako ankayamba kusuntha pang'onopang'ono ngati kakowa wosaka nsomba. Kwathu gule ndi ng'oma, fumbi, chiuno ndi nthungululu. Panalibe aliyense m'chigwa chonse amene anaganizapo kuti munthu wosuntha chete chonchija akuvina.

Tsiku lina anandikodola. Anaima kumbuyo kwanga, nagwira zigongono zanga, nandiwongola msana ndi bondo lawo, napinda zala zanga mpaka misozi inalengeza. Anandiphunzitsa kuti chala chachikulu chikakumana ndi chamkombaphala, imeneyo ndi mbewu. Chala chimodzi chikaloza kumwamba ndi mphukira. Kenako pamabwera tsamba, duwa, chipatso, ndipo dzanja likatembenuka n'kutseguka ndiye kuti chipatso chagwa pansi. Ndinkapita m'mawa uliwonse, ndipo mpheta zinanenepa.

Nkhani inayambira pamjigo, yoti mlendo uja akuphunzitsa mwana ufiti masanasana, pofukiza mankhwala ndi kumuthyola zala. Mayi anga anatembenuza manja anga uku ndi uku, nandikumbutsa kuti zala za mtsikana n'zopetera mpunga. Lamlungu titaweruka m'tchalitchi, a Muhiwa, mkulu wa mpingo amene ankatiphunzitsa kalasi, anauza mayi kuti ngati zinali zoona, ndichotsedwa m'kalasi ndipo sindidzayandikira Mgonero pamodzi ndi anzanga chaka chimenecho. Pobwerera mayi anayenda patsogolo panga njira yonse osacheuka.

Koma a Muhiwa ankakonda kunena kuti mlandu saweruza ndi khutu limodzi. Anabwera kumunda pa njinga, atavala jekete, atamanga miyendo ya thalauzi ndi mphira, ndipo mlangizi wina anakhala womasulira. A Sofi anafotokoza mosathamanga, maso ali pamadzi a m'ngalande. Anati kwawo kunadza ulamuliro umene unkapha aphunzitsi, oimba ndi ovina, ndipo munthu ankadziwika ndi kufewa kwa manja ake. Mphunzitsi wawo ankakhuta zala zake pamiyala kuti zikhakhale, koma anamuzindikira ndi kayendedwe, namutenga. Kuphana kutatha, otsala anafunana m'midzi ndi m'misasa. Wina ankakumbukira mapazi, wina nyimbo, wina manja okha, ndipo ankalumikiza gule wawo, wa m'nyumba ya mafumu, chigamba ndi chigamba. A Sofi anasunga gawo la manja. Gawolo silisungika papepala, ndipo munthu sadziona yekha povina, choncho ankafuna thupi lina loti aziliwumba kuti asaiwale asanabwerere kwawo.

A Muhiwa anafunsa za lubani ndi manja apamphumi aja, kuti amapembedza ndani. A Sofi sanabise. Anati amapereka ulemu kwa aphunzitsi awo amene anafa. Womasulira anachita manyazi ponena zimenezo, ndipo ine ndinaona kuti Mgonero wanga wapita.

Mkuluyo anayang'ana cha kum'mawa, kumene makolo ake anachokera. Kenako anati malume ake, amene anatsala ku Mozambiki, ankadziwa nyimbo zonse za tchopa, gule wa mtundu wawo. Nkhondo itawotcha mudzi wa malumewo, othawa anafika kuno ndi mphika ndi mkeka, koma palibe anafika ndi nyimbo. Iye mwini anali atakana kuziphunzira ali mnyamata poziyesa zachikunja.

“Lubaniyo ndi wanu, mayi, mwanayu asamuyatse ndipo asagwadire akufa,” anatero. “Koma zalazi anaziumba ndi Mulungu. Pindani.”

Ndinadya Mgonero chaka chimenecho pamodzi ndi anzanga. A Sofi anachoka mpunga utapunthidwa, ndipo sitinamvenso za iwo. Gule wawo sanamere m'chigwa chathu. Ana a masiku ano amaingitsabe mpheta ndi zitini, koma sadziwa kuti pamtumbira uja panavinidwapo gule wa m'nyumba ya mafumu. Ndikamamva za chigwa chija cha m'Baibulo cha mafupa owuma, fupa likufunafuna fupa linzake, ndimaganiza za amayi otsala aja a kwawo kwa a Sofi, wina atasunga mapazi, wina nyimbo. Zala zanga zinauma ndi khasu ndi nyamakazi, sizipindikanso kumbuyo. Koma mbale ya mkate ikamadutsa pa benchi pathu, ndimaona kuti chala changa chachikulu chakumana ndi chamkombaphala, monga anandiphunzitsira mayi wosabatizidwa uja, ndipo ndimakumbukira kuti chipatso chikagwa pansi, dzanja limayambiranso pa mbewu.