Tikhala ndi Nkhupakupa za ku Kadewere

Mwana wa mlongo wanga, Tikhala, ntchito yake ndi kulemba malangizo. Timapepala timene mumapeza m'katoni n'kuyatsira mbaula tija amalemba ndi anthu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi wathu. Zaka zisanu anali ku Blantyre, kulembera anthu a m'maofesi kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta. Mtsikanayu akalemba kuti "dinani apa", Limbe yense ankadina nthawi imodzi mpaka magetsi kuphethira.

Chaka chatha analowa kampani ina yogulitsa mankhwala a ziweto. Munthu woti ng'ombe ankangoionera pa paketi ya mkaka! Anamupatsa kuti alembe kasungunulidwe ka mankhwala opopera nkhupakupa, iye n'kutulutsa masamba khumi ndi awiri, mamililita okhaokha. Alimi a mkaka kwathu kuno ku Kadewere tinawerenga tsamba loyamba, n'kubwerera kothira mongoyerekeza. Ochepetsa, nkhupakupa zawo zinanenepa ngati mbuzi. Ochulutsa, ng'ombe zinayamba kuchucha dovu. Abwana ake sanabise mawu: miyezi yoyeserera ikutha, kapepala kakakanika pamaso pa alimi pa tsiku lachionetsero ku Njuli, afuna munthu wina.

Anatsika kabaza pakhomo panga atavala nsapato zoyera.

"Atsibweni, ndabwera kudzaphunzira."

"Amayi a kompyuta, ng'ombe yanga ilibe batani. Mudina pati?"

"Inu poperani basi, ine ndizingoonerera."

Anatha masiku anayi m'khola. Anandipanikiza ndi mafunso mpaka ng'ombe inayamba kuyankha m'malo mwanga. Koma anaona zinthu. Anaona kuti manja onse awiri amakhala pa mpope wopopera mankhwalawo, palibe lachitatu lovundukulira masamba. Anaonanso kuti kakapu koyezera mankhwala, timanambala take n'tating'ono moti ine wa maso aukalambane ndimayenera kukaima kutali ku Milepa kuti nditione. Nsapato zija tinaziika m'manda mwaulemu, ine n'kulalikira.

Atabwerera ku ofesi anadula masamba onse aja kukhala tsamba limodzi lomata pabotolo penipeni, zithunzi zisanu ndi mawu ochepa. Anakakamiranso kuti kakapu kaikidwe mzere umodzi wofiira: kudzaza kufika pamzere, mpope umodzi wa madzi, zatha.

Tsiku la ku Njuli abwana anasankha okha mlimi. Analoza a Bibiana, mayi wa ng'ombe ziwiri amene sukulu anasiyira sitandade fili, n'kulamula kuti Tikhala asatsegule pakamwa. Ine ndinaima pambali pake.

A Bibiana anamanga nsalu pamphuno monga chinkaonetsera chithunzi choyamba, anathira kufika pamzere, anadzaza madzi. Kenaka anaima. Anayang'anitsitsa botolo nthawi yaitali. Tikhala anandifinya mkono, mpaka lero sumva kutsina.

"Iii, kodi pansi pa mchira timapoperanso?" anatero a Bibiana. "Zaka zonsezi ndimangosambitsa msana, zinthuzi zikundiseka kumbuyoku!"

Anatukula mchira wa ng'ombe n'kupopera, kenaka m'makutu, kenaka kuzungulira bere. Alimi anayamba kulimbirana botolo lija kuti aone okha.

Abwana anatembenukira kwa Tikhala. "Lolemba muyambe la mankhwala a njoka za m'mimba za nkhumba. Ofesi ndi yanu."

Iye anangoti, "Zikomo bwana," n'kundiyang'ana. "Atsibweni, nkhumba muli nazo?"

Ndilibe. Koma pobwerera ndinauza wakabaza, ogulitsa tomato ndi aliyense amene tinamupitirira pamsewu kuti zolemba za pabotolo zija ndi za mwana wa mlongo wanga, ndipo wamuphunzitsa ndi ine.