Nsangalabwi Yoyera ya Agogo a Lefani

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Lefani, ndimamva fungo la utsi wa fodya wa chikopa, uja unkatuluka pang'onopang'ono m'mipata ya chigafa n'kukakamira m'zovala, m'tsitsi ndi m'makope athu a kusukulu, ndipo m'makutu mumalira timiyala ta m'kathumba kawo kakaki. Ankakhala pampando wandalema kuseri kwa chigafacho, miyendo atatambasula padzuwa, dzanja likufufuza m'kathumbamo ngati mayi wosankha nyemba. M'maso mwawo munali mutachita ng'ala, koma zala zawo zinkaona kuposa ife tonse.

Kwawo kunali kumapiri a ku Ntchisi. Kwathu kufupi ndi Bowe anabwera ngati mkamwini, ndipo agogo aakazi atamwalira palibe anaganiza zowauza kuti abwerere, chifukwa mudzi ukanatsala wopanda nyimbo. Ndiwo ankapeka nyimbo za mganda wa m'mudzi mwathu. Kulemba sankatha, ndiye nyimbo ankazisunga m'miyala. Akayamba kupeka ankasankha nsangalabwi imodzi, n'kumaifumbata masiku onse mpaka nyimboyo itapsa. Zaka zikapita, akangoikhudza nsangalabwiyo, mawu onse ankabwera okha. M'nyimbo zawo namonso simunkasowa mwala: mtsikana wokana amuna anali mwala wa pamadzi woterera, mlamu waumbombo anali kamwala ka mu mpunga. Anthu ankaseka kuti nyimbo ya a Lefani yopanda mwala ndi ndiwo zopanda mchere.

Anali ndi lamulo limodzi: mwini nyimbo saimva isanafike pabwalo. Ukaimbidwa ndi a Lefani unkadziwira pamodzi ndi khamu lonse, ng'oma ili pakati.

Zinali zaka zija matipati atangobwera, anthu a zipani akuyenda m'midzi ndi magalimoto a zimkuzamawu. Nawonso ankafuna nyimbo. Agogo sankakana, koma ankandituma kukatola mwala wokhakhala wa mumsewu, ndipo msonkhano ukatha ankauponya kutchire.

"Zimenezi n'za chaka chino chokha, akazi anga," ankatero. "M'thumba muno zisalowemo."

Akazi awowo ndinali ine, Elube, wa zaka khumi. Kwathu agogo aamuna amatcha mdzukulu wamkazi mkazi wawo, mocheza, ndipo ine udindowo ndinkauona ngati wa boma. Ndine ndinkawatungira madzi osamba, kuwakazingira mtedza ndi kuwatsogolera kutchalitchi. Ndinkadziwa miyala yonse ya m'kathumba, ndipo mwa yonseyo mtima wanga unali pa nsangalabwi ina yoyera mbee, yosalala ngati dzira la nkhunda. Kangapo konse ndinaipempha kuti ndikasewerere phada.

"Imeneyo ilibe nyimbo," ankayankha. "Ndidaitola kumtsinje wakwathu kalekale. Ikudikira mwini wake."

Kenaka kunabwera Esimi. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, olima fodya paesiteti ya kutsidya kwa dambo, ndipo iye ankadzera pakhomo pathu popita kuchitsime. Anali wamsinkhu wanga, woonda, wa diresi limodzi. Tsiku lina agogo akung'ung'udza kanyimbo, iye anatula ndowa n'kubwereza nyimbo yonseyo osaphonya liwu, ndi mawu oti ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa. Ine ndikaimba, amayi ankafunsa ngati mbuzi yakodwa pachingwe.

"Elube," anatero agogo akuseka, "ndakupezera mnzako. Uyu ndiye mkazi wanga wamng'ono."

Onse amene analipo anaseka. Ine sindinaseke. Amene amati mwana sadziwa nsanje ya pamitala sanandione chaka chimenecho. Mtedza ndinayamba kupsereza dala. Esimi akandipatsa moni ndinkayang'ana kumbali, ndipo pa phada ndinkamuuza kuti malo atha. Iye osakwiya n'komwe, zimene zinkandiwawa koposa.

Madzulo ena, pobwera kusukulu, ndinamva kuimba chapansipansi kuseri kwa chigafa. Nditasuzumira ndinaona agogo ndi Esimi atagundanitsa mitu, ndipo m'dzanja la agogo munali nsangalabwi yoyera ija. Nditaponda tsamba louma, onse awiri anangoti zii.

"Kodi ndi akazi anga aakulu?" anafunsa agogo. "Tapitani mukaone ngati mbuzi zamwa madzi."

Kundithamangitsa ine! Tsiku lotsatira zinachitikanso, ndi linzake lomwe. Ndinaona kuti nkhani yatha: mwini wake amene mwala unkadikira zaka zonsezo wapezeka, ndipo ndi mwana wobwera dzulodzuloli.

Loweruka lina masana agogo anawodzera pampando, kathumba kali pambali. Ndinapisamo dzanja, ndipo sindinavutike kuipeza nsangalabwi yoyera ija. Ndinafuna kukaiponya m'chitsime, koma inali yokongola kwambiri, choncho ndinakwera pamtondo n'kuisomeka mu udzu wa denga la khola la mbuzi.

Atadzuka anakhuthula miyala yonse pamphasa, n'kumaikhudza umodziumodzi, kubwereza katatu. Anagwada n'kumapapasa pansi, m'fumbi, pansi pa mpando. Amayi anasesa bwalo lonse n'kupeta zinyalala m'lichero. Kenaka anaima, manja m'chiuno.

"Pakhomo pano sipanasowepo kanthu chikhalire. Ndani wina amakhala pafupi ndi thumbali, kupatula mwana wa matenanti uja?"

"Mwana uja sangabe," anatero agogo.

"Bambo, inu simuona. Anthu ongodutsa awa mumawadziwa bwanji?"

Ine ndinali pomwepo, ndikusenda chinangwa. Mawu anali pakamwa, koma ndinawameza. Ndinene zoona: mumtima ndinkamva kukoma.

Amayi anawoloka dambo tsiku lomwelo. Zimene anakalankhula kumeneko sindinazimve, koma kuyambira pamenepo Esimi ankazungulira njira yakumunsi popita kuchitsime. Ndinakumana naye kamodzi kokha, ndowa ili pamutu. Anaima n'kundiyang'ana.

"Elube, ine sindinatenge mwala wa agogo. Ukawauze."

"Ukawauze wekha," ndinatero, n'kudutsa.

Ufumu wanga unabwerera. Mtedza ndinkakazinga bwino tsopano, madzi osamba ndinkafunditsa mosamala. Koma agogo anasiya kung'ung'udza. Ankakhala dzanja lili chofumbata, mopanda kanthu, milomo ikugwedera ngati munthu wofuna dzina limene lamuthawa. Anyamata a mganda atabwera kudzafunsa nyimbo yatsopano ya chaka chimenecho, anawauza kuti avine zakale.

Amati mlendo ndi mame. Fodya atapita kumsika, lole inabwera paesiteti paja, ndipo mabanja angapo, kuphatikizapo banja la Esimi, anakweza mphasa, mapoto ndi nkhuku zawo. Ena ankati apita ku Kasungu, ena ku Mchinji. Ndinaima pachulu n'kuonerera fumbi lake mpaka linazilala, ndipo ndinaganiza kuti tsopano palibenso choopsa.

M'mawa mwake ndinakatenga nsangalabwi ija kudenga la khola, ndinaipukuta ndi diresi, n'kupita nayo kuseri kwa chigafa.

"Amuna anga, taonani chimene ndatola kukhola."

Anaifumbata, kenaka anainunkhiza.

"Mbuzi za masiku ano zikukwera padenga," anatero. "Ikununkha udzu wofolera."

Sanakalipe. Anaigubuduza m'dzanja, anakweza mutu, n'kuyamba ndi mawu awo okalamba aja:

"Kamwala kanga Elube, madzi a ku Ntchisi adakasula..."

Anaima. Anayambiranso, n'kuimanso pomwepo. Kachitatu anangotsitsa dzanja.

"Yapita," anatero. "Idali isanakhazikike. Nyimbo yaiwisi ukaisiya miyezi iwiri osaifumbata, siikudikira."

"Agogo, mwati Elube?"

"Nanga ukadakhala ndani? Mutu wangawu wayamba kudontha ngati dengu, ndiye ndidati ndiisungitse kwa mwana wa khutu lakuthwa, akaphunzitse anyamata. Iwe sukadaimva, paja mwini nyimbo saimva isanafike pabwalo. Idali ndi ndime zinayi. Mnzako uja adazigwira zonse."

Ndinalira mokuwa mpaka amayi anatuluka m'nyumba ndi chipande m'manja. Ndinaulula zonse. Amayi anakhala pansi pakhonde, akuyang'ana kutsidya kwa dambo kumene kunalibenso munthu woti akamupepese. Agogo anatambasula dzanja langa, anaikamo nsangalabwi ija, n'kupinda zala zanga.

"Tenga, ndi yako ndithu. Udangofulumira kudzitengera."

Sanapekenso nyimbo ina. Anamwalira patapita mvula ziwiri, ndipo kathumba kaja tinawaika nako, miyala yonse ili momwemo kupatula umodzi.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndimaphunzitsa kusukulu ya pulayimale kufupi ndi Dowa Boma, ndipo kuimba sindinaphunzirebe. Nsangalabwi ija imakhala m'kachitini ka mabatani. Ndafunsapo za Esimi kwa anthu a ku Phalombe ndi kwa amene anakhalapo m'maesiteti a ku Kasungu, koma dzina la bambo ake sindinalidziwe, chifukwa nthawi imene ndikanafunsa ndinali wotanganidwa ndi kumuda. Ndikanakonda kumupepesa, zimenezo n'zoona. Koma ndisaname, nsanje ija sinathe, inangosintha malo. Kwinakwake kuli mayi wamsinkhu wanga amene mwina akamachapa kapena kupeta amang'ung'udza ndime zinayi zonse, dzina langa lili m'kamwa mwake, ana ake n'kumaloweza. Ine mwini wake ndimafumbata mwala mpaka utafunda, n'kuimba mzere umodzi womwewo: madzi a ku Ntchisi adakasula. Pamenepo ndimaima, monga anaimira agogo.