Mzera Woyera Pankhope ya Amayi

Fungo la palafini likandipeza, ngakhale kuno kutsidya kwa nyanja ku Rockingham, ndimabwerera pakhonde la Aphunzitsi ku Limbe. Anali mmwenye wachikulire woyandikana nafe, amene anachoka ku India kudzaphunzitsa zojambula ku sekondale, ndipo atapuma ntchito dera lonse linkawatchulabe Aphunzitsi. Burashi sankaigwira. Ankagoba chithunzi pathabwa ndi timipeni, n'kupakapo inki yakuda, n'kuyalapo pepala, kenako n'kulisisita kumsana ndi supuni mpaka chithunzi chitatuluka. Masana onse pankangomveka mpeni ukudya thabwa, tizipalapala tikugwera pamapazi awo, mapepala akuuma pachingwe ngati zovala, iwo akutsuka zala ndi palafini.

Ndili sitandade 6 anandipatsa thabwa langalanga. Masabata atatu ndinakhala ndikugoba amayi anga ali pamakina awo osokera. Pepala loyamba litatuluka, inki inali itachuluka, nkhope yonse bii. Ine mtima wapachala ndinabadwa nawo. Ndinatola mpeni n'kung'amba thabwalo kuchokera kukhutu mpaka kuchibwano.

Aphunzitsi sanakalipe. Anapukuta thabwa, n'kupaka inki pang'ono chabe, n'kusindikizanso. Amayi anatuluka bwinobwino, maso, duku, zonse, koma mzera woyera utadutsa pankhope.

"Inki tikanangopukuta," anatero m'Chichewa chawo chopindika. "Koma thabwa likagobeka lagobeka. Ukapsa mtima, ika mpeni pansi, uyambe wamwa tiyi."

Patapita zaka zambiri, ndili kale kuno, nthawi ya mliri, malire a mayiko atatsekedwa, amayi anamwalira. Maliro ndinaonera pafoni. Sabata yomweyo, ndili pa ofu kuchokera kumgodi, mwana wanga Yamikani anandiuza kuti akusiya fizikisi kusukulu, akufuna zojambula. Ananena m'Chingerezi, ngati akucheza ndi mnzake m'basi.

"Ndizimeza fumbi kumgodi kuti iwe uzijambula mbalame?"

Ndinamulanda buku lake la zithunzi, manja onse awiri atagwira kale pakati kuti ndiling'ambe. Sanalire. Anangondiyang'ana ngati munthu amene wayamba kale kulongedza katundu mumtima. Ndinadziwa kuti bukulo likang'ambika, mwanayu sadzandionetsanso kanthu. Kumbuyo kwake, pakhoma, panali pepala lija la ku Limbe, mzera wanga uli poyera.

Ndinaika buku patebulo. "Tereka ketulo."

"Adadi?"

"Ndati tereka ketulo. Wagontha?"

Tiyi anatha, mkwiyo sunathe wonse, ndisaname. Komabe ndinatsegula bukulo. Mbalame zinalimo, inde, zambiri zedi. Chakumapeto ndinapeza amayi ali pamakina. Anakopera pachithunzi changa chija ndi pensulo, duku lomwelo, maso omwewo, koma mzera sanaikepo. Tsaya limene ndinaling'amba ndili mwana analibwezeretsa yekha, mongoganizira.

"Ndalondola?" anafunsa, ulendo uno m'Chichewa.

Ndinagwedeza mutu movomera.

Lero zithunzi ziwirizo zili pakhoma limodzi. Yamikani amagoba mathabwa m'galaji, supuni za m'nyumba zikutha imodziimodzi, mayi ake akudandaula. Mtima wanga sunasinthe kwenikweni. Kungoti ketulo ya kwathu sizizira.