Dizilo Wosungira Ulendo wa kwa Alamu

Dzina lakuti a Fulutanki anawapatsa ndi madalaivala anzawo, kale akuyendetsa malole onyamula simenti. Munthuyu, singano ya mafuta ikangotsika pang'ono, mtima unkamuwawa ngati wina wamuponda chala. Anaona nyengo zimene mafuta ankasowa, anthu n'kumaswera pamzere ndi zigubu, ndiye phunziro anatolapo limodzi basi: thanki izikhala yodzaza.

Atapuma ntchito anabwera kunyumba ndi chifuwa cha utsi komanso kagalimoto kakale ka dizilo kotsegula kumbuyo. Msana unali utatheratu, maso nawo atayamba kufooka. Galimotoyo anaidzaza mafuta n'kuiimika pansi pa shedi ya malata. Loweruka ankaipukuta, kuiliza pang'ono, n'kuzimitsa msangamsanga kuopa kutha mafuta. Kumsika ankapita wapansi. Eetu, wapansi, galimoto ili pakhomo!

Akazi awo anali atatopa n'kufunsa. Achemwali aakulu a mayiwo, amene anawalera makolo atamwalira, ankadwala kutali, ndipo matendawo sanali ochira.

"Bambo, kodi achemwali tikawaona liti?"

"Mayi, musadandaule. Thanki ndi yodzaza tho. Tsiku limene adzatiitane, kudzangokhala kuliza basi."

Kunena zoona, a Fulutanki ankauopa msewu. Maso amenewa sankawakhulupiriranso, koma kuvomera zimenezo pamaso pa mkazi kunkawachititsa manyazi. Choncho ankangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa, mpaka mvula inagwa n'kusiya.

Makanika wina woyandikana nawo nyumba anawachenjezapo atasuzumira pampanda.

"Madala, dizilo wa masiku ano si uja munkamudziwa inu. Anamuchepetsa salufa, n'chifukwa chake utsi wake sutsamwitsa ngati kale, koma timalabala ta pampu zakalezi timauma naye n'kuyamba kudontha. Ndiye winayu amathiramonso mafuta a zomera. Ameneyo sagonekedwa. Akakhalitsa amakoka madzi, amachita matope, n'kukokolola zinyalala zonse za m'thanki kupita nazo ku fyuluta, kosefera mafuta kuja. Muziyendako, madala."

"Iwe, ine chiwongolero ndinachigwira usanabadwe. Dizilo ndi mkaka kuti asase?"

Makanikayo anangoseka n'kubwerera ku ntchito yake.

Foni inalira m'mawa wina akumwa tiyi. Anali mwana wamkazi wa odwalawo. "Bwerani lero lomwe," anatero, "amayi akungotchula dzina la mng'ono wawo."

Mayiwo analongedza kachikwama. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo a Fulutanki anawayang'ana akazi awo mwamatama. Anadutsa msika, anadutsa mafakitale, nyumba n'kuyamba kutalikirana. Pa chitunda choyamba injini inatsokomola, mphamvu n'kuthawa, kenako zii.

Anatsegula boneti n'kumasula fyuluta. Mayo ine, zimene zinali m'menemo! Zakuda, zonanda, zoterera m'manja, fungo lake ngati mafuta okazingira amene akhalitsa. Anaitsuka ndi dizilo yemweyo, anapopa ndi chala kuchotsa mpweya, galimoto n'kulira. Sanapite patali, inazimanso. Anatsikanso, anamasulanso, anatsukanso. Nthawi iliyonse powerama msana unkachita kulira, ndipo poweramuka ankagwirira chitseko.

Basi inatulukira kumbuyo kwawo dzuwa lisanafike pamutu. Mayiwo anaimirira ndi kachikwama kawo.

"Mayi, chonde, taimani. Yatsala pang'ono. Mukafike pa basi ngati mulibe mwamuna wagalimoto? Alamu aziti chiyani?"

Mayiwo anawayang'ana, anayang'ana basi ija, n'kukhalanso pansi. Anawamvera chisoni mwamuna wawo, ndipo basi inadutsa.

Masana onse anathera momwemo. Kuyenda pang'ono, kuzima. Kuyenda pang'ono, kuzima. Pansi pa pampu panayambanso kudontha. Malaya oyera amene a Fulutanki anavalira ulendowu anada bii, chifuwa chija n'kuyambiranso. Analibenso mphamvu zotukwana galimoto. Ankangogwira sipanala, kuiyang'ana, kuiika pansi, n'kuitolanso.

Basi ina itaoneka dzuwa litapendeka, mayiwo sanafunsenso. Anaiimitsa okha.

"Bambo, ine ndatsogola. Mundipeza."

Sanakalipe, sanalire. A Fulutanki akanakonda akanawalalatira, chifukwa ulemu umenewo ndi umene unawapyoza mtima. Anawanyamulira kachikwama mpaka pakhomo la basi, n'kusiyapo zala zakuda pa chogwirira chake.

Anabwerera pa galimoto n'kukhala pa bampala, miyendo ili lende. Basi inali isanazimiririke bwinobwino pamene foni inalira m'thumba la malaya awo. Pakhomo pawo foni inali imodzi yomweyo.

"Bambo aang'ono, muli pati kodi?" Anali mtsikana uja. "Amayi atisiya pompano. Masana onse amafunsa ngati mwafika. Apatseni foni amayi aang'ono."

A Fulutanki anayang'ana kumsewu. Kunalibenso kanthu.

"Ali pa basi, mwanawe. Akubwera okha." Anatsokomola kwa nthawi, n'kupukuta kumaso ndi dzanja la dizilo lomwelo. "Akuganiza kuti akawapeza amoyo. Akafika usawauzire panja, chonde. Uwakhazike kaye pansi."